Mlendo amene sadakamuke ku Beijing

Sitima ya pansi pa nthaka ya Line 1 mumzinda wa Beijing imayenda motsata msewu waukulu wa Chang'an, kuchokera kum'mawa kulowera kumadzulo. Alendo ambiri amatsikira pa Tiananmen kuti akaone nyumba za mafumu akale ndi chithunzi cha Mao Zedong. Koma mukapirira, n'kudutsa masiteshoni ena angapo, mufika pa Wukesong, dzina lotanthauza mitengo isanu ya paini. Apa pali holo yamasewero yokwana anthu 18,000, yomwe idamangidwa pokonzekera masewero a Olympics a 2008. Panja pake pali chiboliboli cha munthu wakuda wampala, atanyamula chikho m'mwamba ndi manja onse awiri.

Ine ndidapitako dala, m'nyengo yozizira, mphepo ikuluma makutu ngati yatumidwa. Ndimafuna ndione ndi maso anga chinthu chimene poyamba ndinkachiyesa nthabwala: kuti likulu la dziko la China lidaimikira chiboliboli mnyamata wa ku Coney Island, ku Brooklyn, ali moyo ndipo akusewerabe mpira. Ndili pomwepo, bambo wina adanyamula mwana wake kuti amujambule pafupi ndi chikhocho. Chitchaina sindimva, koma mawu awiri ndidawatola: Lao Ma. Ndilo dzina lachikondi limene anthu a mumzindamu amamutchula Stephon Marbury, monga ife tinganenere kuti Achimwene kapena Madala.

Kuti mumvetse kulemera kwa dzina limeneli, muyenera kudziwa kumene mkuluyu adachokera. Marbury adabadwa mu 1977. Mu 1996, pa chisankho cha osewera atsopano mu ligi ya basiketibolo ya NBA, adasankhidwa wachinayi. Adasewerera Minnesota, New Jersey ndi Phoenix, ndipo kawiri konse, mu 2001 ndi 2003, adalowa m'gulu la akatswiri a ligi yonse. Mu 2004 adapita ku New York Knicks, timu yakwawo yomwe ankaikonda ali mwana. Anthu adati mwana wabwerera kumudzi.

Kumudzi n'kumene zidavuta. Timu inkagonja, iye ankakangana ndi aphunzitsi, manyuzipepala a ku New York osamupatsa mpata wopuma. Mu Disembala 2007 bambo ake adadwala mwadzidzidzi akuonera masewero ake mu Madison Square Garden, ndipo adamwalira usiku womwewo. Chaka chotsatira timu idamukhazika pambali, kenako n'kumuletsa ngakhale kufika kokonzekera masewero, chikhalirecho akulandira ndalama zoposa madola 20 miliyoni pachaka. Mu 2009, atasewera pang'ono ku Boston, adadzionetsa pa intaneti kwa maola ambirimbiri akulira, akuvina, mpaka kudya mafuta a Vaseline. Dziko lidaseka. Patapita zaka, mwini wake adaulula kuti nthawi imeneyo ankavutika maganizo kwambiri mpaka kulakalaka kudzipha. Ndalama zidalipo, abale, koma mtima udali utasweka.

Mu Januwale 2010 adakwera ndege kupita ku Taiyuan, mzinda wa malasha m'chigawo cha Shanxi, kukasewerera timu ya kumeneko mu ligi ya CBA. Chaka chotsatira adali ku Foshan, kummwera. Mu 2011 ndi pamene adalowa timu ya Beijing Ducks, Abakha a ku Beijing. Musaseke dzinalo: bakha wootcha ndiye chakudya chimene mzindawu umanyadira.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mu ligi ya ku China mawuwa ndi oona zedi. Nthawi imeneyo matimu ambiri ankaloledwa kukhala ndi osewera akunja awiri basi, ndipo ntchito ya mlendo idali imodzi: kumwetsa. Akalephera masabata ochepa, tikiti yobwerera m'manja, wina n'kulowa m'malo. Osewera nawonso ambiri ankabwera ndi mtima waganyu. Mu 2011, ligi ya NBA itaima chifukwa cha mkangano wa malipiro, J.R. Smith, Wilson Chandler, Aaron Brooks ndi Kenyon Martin adathamangira ku China, koma onse adabwerera ku America mpata utangopezeka. Tracy McGrady, yemwe dzina lake lidali lalikulu ku China kuposa la Marbury, adasewera chaka chimodzi ku Qingdao, timu yake n'kuthera kunsonga kwa ligi.

Marbury adakhala. Ankakwera sitima yapansi yomweyi pamodzi ndi anthu wamba, ankapita kukachemerera Beijing Guoan, timu ya mpira wamiyendo imene anthu a mumzindamu amaifera, atavala yunifolomu yake yobiriwira. M'bwalo, munthu amene kwawo ankamunena kuti ndi wodzikonda adasanduka mlangizi wa anyamata achitchaina, moti masapota adamupatsa dzina lina, Ma Zhengwei, kutanthauza mkulu wolimbitsa mitima ya asilikali.

Kuchoka pa Wukesong ndidapitirira kumadzulo, ku Shijingshan, kumene kuli mizu ya timuyi. Mwini wake wa Abakha ndi kampani ya zitsulo ya Shougang. Ng'anjo zake zidazimitsidwa, ntchito n'kusamukira m'chigawo cha Hebei kuti utsi uchepe mumzinda, ndipo lero fakitale yakaleyo ndi paki. Mumayenda pansi pa mapaipi a dzimbiri aakulu ngati nyumba, ana akuthamanga pamene kale pankasungunuka chitsulo. Apa ndidamvetsa kuti Abakha idali timu ya mabanja a anthu ogwira ntchito yathukuta, amene adadikira chikho kuyambira pamene ligi idayamba mu 1995, osachiona.

Chidabwera mu Marichi 2012. M'ndime yomaliza adakumana ndi Guangdong Southern Tigers, akatswiri amene adatenga chikho zaka zinayi zotsatizana. Masewero a pakhomo adawasamutsira ku Wukesong kuti anthu akwane. Abakha adapambana masewero 4 mwa 5, ndipo m'masewero otsiriza Marbury adamwetsa mapointi 41. Wezulo itangolira, adalira ngati mwana pamaso pa dziko lonse. Misozi yomwe ku America idamusandutsa choseketsa, ku Beijing idamusandutsa m'bale. Masapota adavota pa intaneti kuti amuimikire chiboliboli, ndipo mu Meyi chaka chomwecho chidavundukulidwa.

Zikho zina ziwiri zidatsatira: mu 2014 atagonjetsa Xinjiang, ndi mu 2015 atagonjetsa Liaoning, pamene iye adasankhidwa katswiri wa ndime yomaliza ali ndi zaka 38. Mzinda udachita kusowa chomupatsa. Padakonzedwa sewero la pa siteji lonena za moyo wake, iye yemwe akusewera nawo. Nkhope yake idaikidwa pa sitampa ya kalata. Mu Disembala 2015 adatsegula kanyumba kosungiramo mbiri yake, House of Marbury, kufupi ndi Tiananmen. Pofika 2016 adali ndi chiphaso chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chimene China amapereka kwa alendo ochepa kwambiri. Mu 2017 padatuluka filimu yotchedwa My Other Home.

Komatu tisakometse nkhani mopitirira. Chikondi cha mpira chimayendera kupambana, ndipo akadagonja mu 2012, sitikudziwa ngati kukwera sitima kuja kukadakumbukiridwa ndi aliyense. Komanso mu 2017, miyendo itayamba kulemera, akuluakulu a timu adafuna kuti asiye kusewera akhale mphunzitsi. Iye adafuna chaka china chimodzi m'bwalo. Sadagwirizane, adasiyana. Munthu wa chiboliboli uja adakamaliza ntchito yake ku timu ina ya mumzinda womwewo, Beijing Fly Dragons, ndipo adasewera komaliza mu Febuluwale 2018, kutatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 41. Kampani idamusiya, koma anthu sadamusiye, iyenso sadalongedze. Mu 2019 adakhala mphunzitsi wa timu yomweyo, yomwe tsopano imatchedwa Beijing Royal Fighters.

Pafupifupi banja lililonse lili ndi wina amene adapita kutali kukasaka ntchito, ena mwa iwo atachoka pakhomo ndi manyazi, anthu atawatha. Timakonda kuwafunsa za ndalama ndi tsiku lobwerera. Sitifunsa kawirikawiri ngati kumeneko ali ndi anthu owatchula Achimwene. Kwa Marbury, ndalama zazikulu zidali ku New York, koma chimene chidamudzutsa chidali anthu amene adamuona monga analili tsiku limenelo, osati monga manyuzipepala adamulembera, ndipo iye adawabwezera powapatsa zaka zake, osati miyezi.

Kwawo sadakutaye. Ali ku Knicks, mu 2006, adatulutsa nsapato za Starbury pa mtengo wa madola 14.98, kuti makolo osauka ngati a ku Coney Island azitha kugulira ana awo. Mu Marichi 2020, mliri wa Covid-19 utavuta ku New York, adali ku Beijing akuyesetsa kulumikiza akuluakulu a ku Brooklyn ndi kampani ya ku China yopanga zotchinga pakamwa ndi mphuno, kuti anthu akwawo azipeze pa mtengo wotsika. Mzinda umene udamuseka ndi umene adaukumbukira, akuimba lamya kuchokera kumudzi kwake kwina.