Mbewu ya kachewere isankheni ikadali m'munda

Ndimachulukitsa mbewu ya kachewere kuno ku Dedza, ndipo chimene chimandiwawa ndi kuona mlimi akugulitsa mbatata zonse zazikulu, n'kusunga tating'onoting'ono totsala pamulu kuti ndiye mbewu. Tambiri mwa timeneto tinachepa chifukwa phata lake linkadwala. Ukadzala, wadzalanso matenda, ndipo zokolola zimanka zitsika chaka ndi chaka ngakhale uthire feteleza wochuluka bwanji.

Mbewu yanga yoyambira imachokera ku timitengo tomeretsedwa m'mabotolo ku labotale, monga amachitira ku Bvumbwe, topanda kachirombo kalikonse. Kuyera kumeneko sikukhalitsa ukakutayirira. Munda wa mbewu ndimautalikitsa ndi minda ina, chifukwa nsabwe za m'masamba zimasamutsa mavairasi kuchoka pa tsamba lodwala. Pamene panali tomato, fodya kapena kachewere sindidzalapo mpaka papite zaka zingapo za chimanga.

Ntchito yeniyeni imagwirika maluwa akamayamba. Ndimayenda mzere ndi mzere m'mawa, timitengo tili kukhwapa. Phata lamphamvu, la masamba osakwinyika ndi opanda mawangamawanga, ndimalizikira kamtengo. Ngati loyandikana nalo lafota, ndimalidumpha ngakhale likongole chotani. Lofotalo ndimalizula ndi dothi lake lomwe n'kukalitaya kudzenje. Ndikakayika, ndimadula tsinde n'kuliviika m'madzi oyera mu tambula yagalasi: mukatsika tiulusi toyera ngati mkaka, amenewo ndi matenda ofotetsa, ndipo alibe mankhwala. Amayenda ndi madzi, ndi khasu, ngakhale ndi matope a kuphazi. N'chifukwa chake mlendo salowa m'munda mwanga mwachisawawa, angakhale mbale wanga.

Kukatsala masabata awiri kuti ndikumbe, ndimadula mitengo yonse ya kachewere kuti khungu la mbatata likhwime. Mapata amene ndinawazikira timitengo aja ndimayamba nawo kukumba, lililonse palokha. Likabala zochepa kapena zopindika, limapita kumphika. Mbewu ndimatenga zofanana ndi dzira la nkhuku.

Posunga ndiye ambiri amaonongera thukuta lawo. M'thumba, mumdima, mbatata imatulutsa mphukira zazitali zoyera zimene zimathothoka pongozikhudza. Ine ndimayala pa thandala m'chisakasa cholowa mphepo ndi kuwala, koma dzuwa osaomba pambatatapo. Mphukira zimatuluka zazifupi, zonenepa, zobiriwira, zingapo pa mbatata imodzi, ndipo wogula ndimamuuza azinyamule m'dengu, asazipanikize m'thumba pa njinga.