Mawu akumveka, chithunzi bii

Amene munabwera ku mwambo wotsanzikana ndi bambo athu a Geography mu Julaye 2024 munaonera kanema wa mphindi 18 pakhoma la holo, munaomba m'manja, ena munagwetsa misozi. Chimene simukudziwa n'chakuti Lachinayi usiku, mwambo uli Loweruka, kanemayo kunalibe. Anzanga angapo a masukulu ena akhala akundifunsa kuti ndinapanga bwanji, ndiye ndati ndifotokoze zonse, ndi zochititsa manyazi zomwe.

Komiti inandipatsa ntchitoyi chifukwa ndimaphunzitsa Physics basi. Mukudziwa mmene timaganizira ku staff room: wa Physics ndiye wokonza wailesi, wotchi ndi chilichonse cha waya. Ana akale anatumiza timakanema 23 ta mauthenga, ena ku Mzuzu, ena ku Johannesburg, mmodzi ku Leeds. Nditatilowetsa mu pulogalamu yodulira ndi kulumikizira makanema, 15 tinayenda bwinobwino. Tisanu tinangotulutsa mawu, chithunzi bii. Tiwiri tinali ndi chithunzi, koma pofika kumapeto milomo inkayenda payokha, mawu payokha, ngati mafilimu a karate a m'mavidiyo sho aja. Kamodzi kanakaniratu kutseguka.

Pa tisanu takudato panali ka mtsikana wa ku Leeds, amene pano ndi namwino. Bambo ake anamwalira ali Fomu 3, ndipo mdala wathuyu ndi amene anamulipirira fizi mpaka kulemba MSCE, osauza munthu. Kanema wopanda nkhope ya mwana ameneyu sindikanamuonetsa.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti timakanema tomweto tinkasewera bwino pa VLC, pa laputopu yomweyo. Ndinayamba ndi nzeru zaumphawi. Kuzimitsa n'kuyatsanso. Kusintha dzina la fayilo kuchoka pa .mov kukhala .mp4. Kenako ndinamaliza bandulo potsitsa mulu wa ma codec pa intaneti, umene sunathandize kanthu koma kungochedwetsa makina. Pofika 9 koloko ndinali nditayamba kunamizira vairasi.

Mayi a kunyumba ndi amene anati ndiimbire mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kalekale, pano amajambula maukwati ku Lilongwe. Ankakhala kumbuyo kwenikweni m'kalasi, ndipo ndinamulandapo foni kawiri. Ndinaimba mwamanyazi.

“Aphunzitsi, musadandaule,” anatero. “Katseguleni pa VLC, mudine Ctrl ndi J, mundiwerengere zimene zalembedwa pa Codec.”

Pa timakanema tabwino panalembedwa H264. Pa takuda tonse panalembedwa HEVC, H.265.

“Basi, matenda ndi amenewo. Aphunzitsi, thumba likalembedwa kuti feteleza, ndiye kuti mkatimo muli feteleza?”

Ndinaseka, chifukwa kwathu matumba a feteleza muli chimanga, ena makala. Iye anati .mp4 ndi .mov ndi matumba chabe. Codec ndiye katundu wa mkati, kutanthauza njira imene chithunzi chafinyidwira kuti fayilo ichepe. Posintha dzina la fayilo ndinangolemba mawu ena pathumba, katundu ali yemweyo. H.264 inatuluka mu 2003 ndipo pafupifupi makina aliwonse amaidziwa. H.265 inabwera mu 2013, imachepetsa fayilo mwina mpaka theka chithunzi chili chokongola chimodzimodzi, n'chifukwa chake mafoni ambiri atsopano amajambula nayo. Koma kuti uimasule pamafunika mphamvu zambiri, ndipo laputopu yanga yokalambayi ndi pulogalamu yanga yakale sizinkaidziwa. VLC imayenda ndi zomasulira zakezake, siipempha kwa kompyuta. Choncho kanema kusewera pa VLC si umboni woti alowa mu pulogalamu yodulira. Mawu ankamveka chifukwa iwo amafinyidwa padera, kawirikawiri ndi AAC, imene makina anga ankaidziwa.

Za milomo ija zinandikhudza ngati wa Physics. Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatizana, tinene 30 pa sekondi. Foni siisunga nambala imeneyi nthawi zonse: kukachita mdima kapena ikatentha, imachepetsa zithunzi, kenako n'kuwonjezeranso. Pulogalamu yanga inkawerenga ngati liwiro ndi limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamene mawu akuyenda ndi wotchi yawo. Kusiyana kwake kumayamba pang'ono n'kumakula, monga ana awiri othamanga pa liwiro losiyana. Funso lotere ndimalipereka Fomu 3 chaka chilichonse, koma litabwera pa laputopu yanga sindinalizindikire.

Mankhwala a matenda onse awiri anali amodzi, pulogalamu yaulere yotchedwa HandBrake. Umalowetsa kanema, kusankha Fast 1080p30, kupita pa Video n'kuonetsetsa kuti pali H.264, ndipo udine Constant Framerate. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa ukapanda kudina, milomo ija siichira. Mnyamatayo anandibwerezera katatu kuti fayilo yatsopano ndiipatse dzina lina, yoyambirira ndisaikhudze. Mawu ake anali a mphunzitsi weniweni, mpaka kundifunsa kuti, “Tamvana, aphunzitsi?”

Laputopu inagwira ntchito ikulira ngati chigayo. Magetsi anazima cha m'ma 11 koloko, batire inatha kakanema kachinayi kali pakati, ndipo ndinakamaliza Lachisanu m'mawa ku labu, ana akulemba ntchito imene ndinawapatsa mwadala. Pamene nkhope ya namwino uja inaonekera pa sikirini, atavala yunifolomu yake, ndinafuula ndekha. Ana a kutsogolo anayesa ndagwidwa ndi magetsi.

Kwa inu amene mudzasonkhanitse mauthenga otere, auzeni otumiza asanajambule. Pa iPhone pali Settings, Camera, Formats, n'kusankha Most Compatible. Pa mafoni ena fufuzani mu kamera pamene palembedwa HEVC kapena high efficiency, muzimitse. Ndipo ajambule masana, foni ataigoneka chopingasa. Komanso lowetsani kakanema kalikonse mu pulogalamu tsiku lomwe kafika, osadikira Lachinayi ngati ine.

Loweruka mdala uja ataona mwana wake wa ku Leeds anavula magalasi, n'kuwavalanso, n'kuwavulanso. Sanayankhule.

Katsala kamodzi kaja kamene kanakaniratu. Kameneko vuto silinali codec. Netiweki inaduka kali m'njira, kanafika kosakwanira, ndipo ngakhale VLC inakakana. Iwe wa ku Karonga, ukudzidziwa. Tumizanso, mwana wanga. Bambo aja ali kumudzi tsopano, ndipo ndidzawapititsira pa flash ndikamakawaona pa holide.