Kalata Yochokera ku Bristol: Momwe Archie Leach Anasandukira Cary Grant



Mzinda wa Bristol, umene uli kumwera chakumadzulo kwa England ndipo ndi kumene kalata ino yalembedwera, umanyadira mwana wake wina amene anachokamo ali ndi zaka 16, nakatchuka kutsidya la nyanja ndi dzina limene makolo ake sanamupatse. Munthuyo ndi Cary Grant, katswiri wa ku Hollywood amene anachita nawo mafilimu oposa 70 pakati pa 1932 ndi 1966, ndipo bungwe la American Film Institute mu 1999 linamuika pamalo achiwiri, pambuyo pa Humphrey Bogart, pa mndandanda wa amuna amene anamveka kwambiri m'kanema wakale wa ku America. Gawo lake linali la mwamuna wotsogola m'filimu, uja amene nkhani yonse imayendera pa iye ndipo kumapeto ndiye amapita ndi mkazi, ndipo ankalichita mwaulemu, mwaukhondo ndi mwanthabwala zofatsa, kotero kuti owonera ambiri ankamuyesa mwana wa m'banja lachuma. Kwa Mmalawi wokhala kunja mbiri yake ili ndi kanthu kogwira mtima, pakuti khalidwe limene anthu ankaliyesa lobadwa nalo linali lochita kumanga pang'onopang'ono, ndipo womangayo anali mlendo m'dziko la eni.

Archibald Leach anabadwa pa 18 January 1904 m'dera la Horfield, kumpoto kwa Bristol. Bambo ake, a Elias Leach, ankagwira ntchito yosita zovala pa fakitale ina, pamene mayi ake, a Elsie, anali osoka, ndipo banjali linali litataya kale mwana wamwamuna woyamba ali wakhanda. Mnyamatayu asanakwanitse zaka 12, bambo ake anakasiya mayi akewo ku chipatala cha odwala misala ku Fishponds, chimene pambuyo pake chinatchedwa Glenside, koma iye anauzidwa kuti apita kukapuma kunyanja, ndipo m'kupita kwa nthawi anakhulupirira kuti anamwalira. Mu 1918 anachotsedwa sukulu ya Fairfield, nalowa gulu la a Bob Pender, limene linkasangalatsa anthu m'nyumba za zisudzo ndi masewero odumpha, ogudubuzika ndi oyenda pa mitengo italiitali monga achitira makanja a gule wamkulu. Gululo linapita ku New York mu 1920 pa sitima yapamadzi ya Olympic, ndipo nthawi yobwerera kwawo itakwana, Archie anatsalira.

Zaka khumi zotsatira zinali za maganyu a m'zisudzo. Anayendapo pa mitengo ija ku Coney Island poitanira anthu kumalo osangalalira, anazungulira mizinda ndi magulu a vaudeville, amene anali masewero osakaniza nyimbo, nthabwala ndi kudumpha m'chionetsero chimodzi, ndipo kenako anayamba kupatsidwa mbali m'zisudzo zoimba za ku Broadway. Olemba mbiri ya kanema amagwirizana kuti sukulu yake yeniyeni inali imeneyi, chifukwa munthu wogudubuzika pamaso pa khamu amaphunzira kuwerenga nthawi ndi thupi lake, kudziwa pamene ayenera kuima chilili ndi pamene ayenera kugwa, ndipo akachedwa pang'ono pokha anthu saseka. Kuyenda kopepuka kumene akazi a m'ma 1950 ankakuyesa chizindikiro cha ubwana kunachokera m'maphunziro a wodumpha uja, monga momwe filimu ya Holiday ya 1938 ikuonetsera poyera, pamene iye, atavala suti, akudzitembenuza m'malere pakati pa chipinda cha anthu olemera.

Kumapeto kwa 1931 kampani ya Paramount inamulemba ntchito, ndipo pamenepo anakumana ndi dongosolo limene linkalamulira Hollywood masiku amenewo. Makampani akuluakulu ochepa anali ndi masitudiyo, nyumba zoonetsera mafilimu ndi ochita zisudzo omwe, amene ankamangidwa ndi kontirakiti ya zaka zingapo, nauzidwa filimu yoti achite, zovala zoti avale ngakhalenso dzina loti azidziwika nalo. Dzina la Cary linachokera kwa munthu amene iye anamusewera m'chisudzo cha Nikki ku Broadway, ndipo la Grant linasankhidwa pa mndandanda wa kampaniyo. Kalankhulidwe kake nako kanali kochita kupanga, pakuti sikanali ka Bristol, sikanali ka London ya olemera, ndipo sikanali ka America, koma kanali kosakaniza zonsezi mwa njira imene Angerezi ankaimva ngati ya ku America pamene Amereka ankaimva ngati ya ku England. Amene akhala kunja zaka zambiri amachidziwa chinthu chimenechi, chifukwa lilime lawo limafika pomveka lachilendo kuntchito ndiponso lachilendo akaimba foni kumudzi. Mafilimu ake oyambirira sanamufunse zambiri koposa kuima mokongola pambali pa akazi otchuka, monga Marlene Dietrich mu Blonde Venus ya 1932 ndi Mae West mu She Done Him Wrong ya 1933.

Kusintha kunabwera kontirakiti ya Paramount itatha, pamene anakana kumangidwanso ndi kampani imodzi, nayamba kugwira ntchito ndi makampani a Columbia ndi RKO mosinthanasinthana ndi kusankha yekha nkhani zoti achite, chinthu chimene ochita zisudzo ochepa kwambiri ankalimba nacho mtima nthawi imeneyo. Filimu ya The Awful Truth ya 1937, yotsogoleredwa ndi Leo McCarey, ndiyo inaonetsa koyamba Cary Grant amene dziko linadzamudziwa. Inali ya mtundu wotchedwa screwball comedy, kutanthauza nthabwala za mwamuna ndi mkazi okondana amene amakhalira kukangana, kunamizana ndi kuchititsana manyazi mpaka atavomereza kuti sangathe kusiyana. Mtundu umenewu unakula chifukwa cha malamulo a Hays, amene kuyambira 1934 ankaletsa kuonetsa zachikondi poyera, kotero kuti olemba anasamutsira chilakolako chonse m'mawu othamanga ndi m'mikangano. Grant anapambana anzake pamenepa chifukwa sankaopa kuoneka wopusa. Mu Bringing Up Baby ya 1938 ndi wasayansi wamanyazi amene Katharine Hepburn akumukokera m'mavuto a kambuku woweta, ndipo mu His Girl Friday ya 1940, yotsogoleredwa ndi Howard Hawks monga inzakeyo, ndi mkonzi wa nyuzipepala wopanda chisoni amene akuchita chinyengo chilichonse kuti mkazi wake wakale, amenenso ndi mtolankhani wake waluso, asakwatiwe ndi wina. Woonera mosamala adzazindikira kuti luso lake lalikulu linali pa kumvetsera, pakuti mnzake akamalankhula nkhope yake imagwirabe ntchito, diso likutembenuka pang'ono, mutu ukubwerera m'mbuyo, ndipo kawirikawiri chimene chimaseketsa ndi yankho la nkhopeyo. Mu His Girl Friday momwemo akutchula dzina la Archie Leach monga la munthu wina amene anafa imfa yoipa, ndipo mu Arsenic and Old Lace ya 1944 dzinalo likuoneka lolembedwa pa mwala wa pamanda.

Alfred Hitchcock, amenenso anali Mngerezi wosamukira ku America, mwana wa wogulitsa ndiwo zamasamba ku London, ndiye anaona kuti munthu wosalala chotere angathe kuchititsa mantha, chifukwa palibe angadziwe chimene akuganiza. Anapanga naye mafilimu anayi: Suspicion mu 1941, Notorious mu 1946, To Catch a Thief mu 1955 ndi North by Northwest mu 1959. M'yoyambayo Grant ndi mwamuna wokongola, wabodza ndi wangongole, amene mkazi wake akuyamba kumukayikira kuti akufuna kumupha, ndipo pamene akukwera masitepe atanyamula tambula ya mkaka, Hitchcock anaika kababu m'kati mwa mkakawo kuti maso onse akhale pamenepo. M'buku limene filimuyo inachokera mwamunayo ndi wakupha ndithu, koma m'filimu akupezeka wosalakwa, ndipo Hitchcock ankanena pambuyo pake kuti akuluakulu a kampani sakanalola kuti Cary Grant aphe munthu. North by Northwest ndiyo yoyenerana kwambiri ndi moyo wa Grant, popeza ikukamba za Roger Thornhill, wolemba malonda wa ku New York, amene akazitape akumusokoneza ndi George Kaplan, munthu amene sanakhalepo n'komwe koma anangopekedwa ndi a boma. Akuthamangitsidwa ndi ndege yopopera mankhwala m'munda wa chimanga, akulendewera pa nkhope zosemedwa za phiri la Rushmore, ndipo pafupifupi ulendo wonsewo ali m'suti imodzi yotuwa, imene mpaka lero osoka zovala amaitchula ngati chitsanzo. Ndi chinthu choyenera kuchisinkhasinkha kuti mwamuna wovala bwino koposa m'kanema anali mwana wa munthu wosita masuti a ena.

Kamodzi kokha anayesa kuonetsa owonera kumene anachokera. Mu None But the Lonely Heart ya 1944 anasewera Ernie Mott, mnyamata woyendayenda wa m'makomboni a London amene akubwerera kwa mayi ake odwala khansa, ndipo ngakhale filimuyo inamuika pa mndandanda wa opikisana pa mphotho ya Oscar, kachiwiri pambuyo pa Penny Serenade ya 1941, anthu sanaikhamukire, chifukwa ankafuna suti ndi kumwetulira. Nkhani ya mayi ndi mwana inali yake yeniyeni. Ali kale wotchuka ku Hollywood, m'zaka za m'ma 1930, anamva kuti mayi ake ali moyo m'chipatala muja, mmene anakhalamo zaka pafupifupi 20, ndipo pambuyo pake iye anawatulutsa, nawapezera nyumba ku Bristol. Kuyambira pamenepo ankabwera kawirikawiri kudzawaona kufikira imfa yawo mu 1973, ali ndi zaka 95. Anali atasintha dzina mwalamulo ndi kutenga unzika wa America mu 1942, ndipo anakwatira kasanu, kotero kuti sangaikidwe ngati chitsanzo cha banja, koma wolemba kalata ino akuona kuti sangawerengedwenso m'gulu la matchona, aja amene anapita ku migodi ya ku Joni kapena ku Halale n'kuiwala njira ya kwawo, pakuti chimene chimayesa munthu wa kunja ndi mapazi ake ndi thumba lake, ndipo Grant anabwera ndi zonse ziwiri.

Pali malire amene woyamikira Grant ayenera kuwanena mosabisa. Njira yosintha dzina, lilime ndi zovala n'kulandiridwa ngati mwini dziko inali yotseguka kwa iye chifukwa anali mzungu, ndipo Hollywood yomweyo imene inasandutsa mwana wa wosita kukhala bwana inkapatsa anthu akuda mbali za antchito a m'nyumba ndi onyamula katundu. Filimu yake ya Gunga Din ya 1939 imayamikira asilikali a Britain ku India, ndipo Mmwenye wotunga madzi amene filimuyo inatchedwa dzina lake anaseweredwa ndi mzungu, Sam Jaffe, atamudetsa khungu. Mu 1963, chaka chimene Grant ankachita Charade ndi Audrey Hepburn, anthu akuda a mzinda wake wobadwira, motsogoleredwa ndi Paul Stephenson ndi anzake, ananyanyala mabasi kwa miyezi inayi chifukwa kampani ya mabasi inkakana kulemba madalaivala ndi makondakitala akuda kapena a ku Asia. Chaka chotsatira Sidney Poitier, wokulira ku Bahamas, amenenso anachita kuphunzira kalankhulidwe ka America pomvetsera wailesi, anakhala munthu wakuda woyamba kulandira Oscar ya mwamuna wotsogola m'filimu, mphotho imene Grant sanaipambane konse, kupatula yaulemu imene anapatsidwa mu 1970.

Anasiya mafilimu mu 1966, chaka chimene anabadwa mwana wake mmodzi yekhayo, Jennifer, ndipo ngakhale anthu ankamupempha kuti abwerere, anakana, nalowa m'gulu la oyendetsa kampani ya zodzoladzola ya Fabergé. Anamwalira pa 29 November 1986 ku Davenport, m'chigawo cha Iowa, kumene anapita kukacheza ndi omutsatira m'nyumba ya zisudzo. Monga mwa kufuna kwake sikunachitike mwambo wa maliro, thupi linawotchedwa ndipo phulusa linamwazidwa m'nyanja ya Pacific, chinthu chovuta kuchimvetsa kwa Amalawi a kuno, amene amasonkherana ndalama zochuluka kuti mtembo wa mnzawo ukafike kumudzi. Bristol ilibe manda ake, koma mu 2001 inaimika chosema chake chamkuwa pa bwalo la Millennium Square, pafupi ndi doko.

Owerenga amene angafune kudziweruzira okha ayambe ndi His Girl Friday ndi Charade, zimene zimapezeka mosavuta pa intaneti, koma adziwiretu kuti Chingerezi cha yoyambayo n'chothamanga kwambiri kotero kuti n'chanzeru kutsegula mawu olembedwa m'munsi. Amene adzapeze None But the Lonely Heart aionere pomaliza, atamudziwa kale munthu wa suti uja.

Ndi ulemu wonse,
Mmalawi wokhala ku Bristol