Mchenga wa ku Badr

Kwa zaka zambiri takhala tikuphunzitsa ana ku madrasa za nkhondo ya Badr: kuti idachitika pa 17 Ramadhan, chaka chachiwiri cha Hijra, pomwe Mtumiki (SAW) ndi Maswahaba pafupifupi 313 adalimbana ndi Makuraishi oyandikira 1,000. Manambalawo tinkawaloweza bwino. Za nthaka imene adaimapo sitinkaziganizira n'komwe.

Titapita ku Umrah, tidakwera basi kuchoka ku Madinah kukaona Badr. Kumeneko kuli milu ya mchenga younjikidwa ndi mphepo, yaitali ngati zitunda. Tidavula nsapato kuti tikwere umodzi. Phazi limatitimira mpaka m'kakolo. Ukaponda katatu, watsetsereka kamodzi. Tidafika pamwamba tili wefuwefu, kukhosi kuli gwa, chikhalirecho tidangonyamula botolo la madzi, opanda lupanga, opanda mdani kutsogolo.

Pamenepo m'pamene tidamvetsa mvula yotchulidwa mu Surah Al-Anfal. Usiku woti mawa kuli nkhondo, Allah adagwetsa mvula. Asilamu adapeza madzi odziyeretsera, ndipo mchenga udalimba kunsi kwa mapazi awo. Ayah imeneyi ife aphunzitsi tinkangoidutsa, kuthamangira nkhani ya angelo.

Abale ndi alongo, chithandizo cha Allah chimabweranso mosaonetsera chotere: phala la daku, mnansi wobwera ndi futari, miyendo yopirira pa Tarawehe. Timaiwala kuthokoza chifukwa timadikira zozizwitsa.

Ramadhan ino, Insha Allah, phunziro la Badr likakwana tidzapita ndi ana kudambo. Adzayenda pamchenga wouma, tidzauthira madzi, kenako adzayendaponso.