Mabuleki a malole akale

Lole ikabwera kudzatinyamula kupita ku maliro kapena ku ukwati, ambiri a ife timangoyang'ana ngati malo okhala alipo. Injini ikamalira bwino timati galimotoyo ndi yamphamvu. Za mabuleki sitifunsa, mwina chifukwa saoneka. Pa malole akale mabuleki amabisika m'chitsulo chonga mphika chimene chili kuseri kwa tayala, chija amakaniko amati dilamu.

Lole imene ine ndimaidziwa bwino ndi Bedford ya mphuno yaitali, ya mtundu wa TJ, imene inayamba kupangidwa ku Dunstable, m'dziko la England, mu 1958. General Motors inagulitsa fakitale imeneyo mu 1987, choncho Bedford imene mungaione ikusenza chimanga lero ndi gogo weniweni. Malume anga anali nayo imodzi, ndipo pa tchuthi ntchito yanga inali yowapatsira masipanala. Iwo ankalola kuti penti isupuke ndi mpando ung'ambike, koma pa mabuleki sankanyengerera munthu. Ndinadzamvetsa chifukwa chake nditayamba kuona ana amene ndimawaphunzitsa akukwera kumbuyo kwa malole otere.

M'kati mwa dilamu muli zitsulo ziwiri zokhota ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo pamsana pake pamakhala chigamba cholimba chotchedwa layining'i. Dalaivala akaponda buleki, mafuta a mabuleki amayenda m'mapaipi n'kukankha zitsulozo kuti zikhule dilamu, tayala n'kuima. Akachotsa phazi, masipuling'i amazibweza. Tsono chigamba chija chimatha pang'onopang'ono, mpata n'kumakula, ndipo pa malole ambiri akale mpatawo sudzitseka wokha. Pamafunika kukweza tayala pa jeke, kumanga chosinthira mpaka tayala litakana kuzungulira, kenako kumasula pang'ono kuti liyende. Mbali zonse ziwiri zichitidwe mofanana, apo ayi lole imakokera kumodzi poima.

Mdani wamkulu wa dilamu ndi kutentha. Amene anatsikapo mapiri a Chowe pochokera ku Namwera kupita ku Mangochi akudziwa kutalika kwa mtsetse umenewo. Dalaivala akamatsika ataponda buleki njira yonse, dilamu imatentha n'kufutukuka, kutalikirana ndi zitsulo zija, ndipo layining'i nayo ikapsa sigwiranso. Phazi limafika pansi lole ikupitabe. N'chifukwa chake madalaivala akale ankalowetsa giya yaing'ono asanayambe kutsika, kuti injini ndiyo igwire katundu. Dilamu imene yasemedwa kambirimbiri pa makina imapyapyala ndipo imatentha msanga. Wopanga anaika malire a kukula kwa m'kati mwake, ndipo ikapyola pamenepo malo ake ndi ku zitsulo zotha ntchito, ngakhale mtengo wa ina utawawa bwanji.

Za mafuta a mabuleki ndiye pali zonena zambiri. Mafuta amenewa amamwa chinyezi cha mumpweya. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 140 okha. Akawira mumapangika nthunzi, ndipo kuponda nthunzi kuli ngati kuponda thonje. Madzi omwewo amadyetsa dzimbiri masilinda ndi mapaipi. N'chifukwa chake amalangiza kusintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse, koma kwathu kuno timangothirira pamwamba mpaka kalekale. Ena akasowa amathiramo oyilo wa injini, amene amatupitsa malabala onse, kapenanso madzi a sopo. Choopsa n'chakuti malole ambiri akale ali ndi njira imodzi yokha ya mafutawa. Paipi imodzi ikaboola, matayala onse amataya mabuleki nthawi yomweyo.

Ngati oyilo wa mu ekiselo wadontha n'kunyowetsa layining'i, musalole kuti aitsuke ndi petulo kapena kuiwamba pamoto. Imaoneka youma, koma ikatentha oyilo uja amatulukanso. Asinthe chotsekera chimene chikudonthacho, aikenso malayining'i atsopano ku matayala onse awiri, kumanja ndi kumanzere.

Amayi amene muli ndi ana ophunzira umakaniko, ichi n'chanu. Malayining'i akale ankapangidwa ndi asibesitosi, amene fumbi lake limaononga mapapo ndi kuyambitsa khansa patapita zaka zambiri. Dziko la Britain linamuletseratu mu 1999, South Africa mu 2008, koma dilamu imene yakhala zaka osatsegulidwa simungadziwe chimene chili m'kati mwake. Mnyamata asapemerere fumbilo ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa pampu. Alinyowetse kaye, alipukute ndi chiguduli, ndipo ovolosi yake isachapidwire pamodzi ndi zovala za ana.

Kwa amene mumatumidwa kukabwereka lole, pali chinthu chimodzi chimene mungachite popanda sipanala. Anthu asanakwere, pemphani dalaivala kuti aponde buleki mwamphamvu n'kugwira pomwepo kwa kanthawi inu mukuona. Phazi likamatsika pang'onopang'ono, penapake mafuta akuthawa. Akamachita kupopa kawiri kapena katatu kuti buleki ilimbe, muli mpweya kapena mpata wakula. Suzumiraninso kuseri kwa matayala ngati pali ponyowa. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, kafuneni lole ina, ngakhale mwambo uchedwe.