Bwato bwa Amai

Tinali pa mutu wa masankho m'kalasi la Civic Education pamene mnyamata wina wa Giredi 11, amene amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, anakweza dzanja. "Ba ticha," anatero, "ise ku Chawama timadziwa kudala amene azawina. Manje kuvota ni kwa cani?" Anzake anaseka. Ine ndinayankha monga mwa buku, kuti voti ndi ufulu ndiponso udindo wa nzika iliyonse. Belu litalira ndinatuluka ndi manyazi, podziwa kuti ndam'patsa yankho la pa mayeso cabe. Iye sanadziwe kuti nanenso ndinakulira ku Chawama, ndipo funso lakelo landisautsa kwa zaka zambiri.

Mnyamatayo sananame. Kucokera mu 2006 mpaka mu 2021, mpando wa phungu wa Chawama unapita kwa cipani ca Patriotic Front kasanu motsatizana. M'caka cimeneco anapambana ndi a Violet Sampa-Bredt, amene anali m'busa. Mu 2011 analowa a Edgar Lungu. Iwo atakhala mtsogoleri wa dziko mu Januwale 2015, masankho apadera anapatsa mpandowo a Lawrence Sichalwe, amene anapambananso mu 2016. Mu 2021 unapita kwa a Tasila Lungu. Maina anasintha katatu, koma cizindikiro pa pepala la voti cinali cimodzimodzi, bwato. Panthawiyo, mwana wobadwa mu 2007 anali asanaonepo phungu wa cipani cina m'dera lake. Akamati wopambana adziwika kale, akamba zimene maso ake aona.

Koma ine ndili ndi buku lina la mbiri, ndipo bukulo ndi amai anga. Amagulitsa tomato, repu ndi kapenta pamsika kucokera ndisanabadwe. Voti yao yoyamba anaponya m'nthawi ya cipani cimodzi, pamene onse opikisana pa mpando wa phungu anali a UNIP, ndipo kwa a Kaunda munthu anali kusankha pakati pa inde ndi iyai. Amakumbukira mizere ya sopo ndi saladi, ndiponso cipolowe ca mu Juni 1990 mtengo wa unga utakwera. Pa 31 Okutobala 1991 anandibereka kumbuyo ndi kukavotera MMD, ndipo Chawama yense anapita komweko. Zaka zocepa pambuyo pake makampani a boma anayamba kugulitsidwa, atate nchito inawathera, ndipo tonse tinayamba kudya za pa thebulo la amai. Mu 2001, a Chiluba atafuna kulamulira kacitatu, akuluakulu ena anatuluka mu MMD ndi kupanga FDD motsogozedwa ndi a Christon Tembo. Chawama anasankha phungu wa FDD, ndipo voti ya amai inali pamenepo.

Conco pamene malemu a Michael Sata anafika ndi bwato bwao, anapeza anthu amene anali atataya kale zipani ziwiri ndi kuyesako cacitatu. Amai anali kuwakumbukira kucokera m'zaka za m'ma 1980, pamene anali bwanamkubwa wa Lusaka ndi mbiri yoyeretsa mzinda. Koma cimene cinawakoka kwambiri ndi makambidwe ao. "Uyu akamba monga ise," anali kutero. Ndale za kale zinali kubwera m'Cingelezi ca masuti. A Sata anali kunyoza, kuseketsa ndi kulonjeza ndalama zambiri m'matumba m'cinenero ca pa siteshoni ya basi. Mu 2006 analephera upulezidenti kwa a Levy Mwanawasa, koma makomboni a Lusaka anawatenga.

Voti yanga yoyamba ya phungu inali pa 20 Sepitembala 2011, ndili pa UNZA. Ndivomere cinthu cimodzi pano. Pa yunivesiti munthu akandifunsa kwathu, ndinali kuyankha kuti "ca ku Kafue Road," kuti aganize za nyumba za mipanda. Dzina lakuti Chawama linali kunditsamwa pakhosi. Usiku umene a Sata analengezedwa kukhala opambana, ndinali kunyumba. Anthu anatuluka ndi zovala zogonera, ena akumenya mapoto, amai akuvina pa msewu wafumbi. Ndipo mu 2015, phungu wathu atalowa ku State House, ndinadzimva ndikuuza aphunzitsi anzanga mokweza kuti ndine wa ku Chawama. Amene amati anthu a m'komboni amavotera citenge ndi cibuku sadziwa kulemera kwa ulemu kwa munthu amene wakhala akunyozedwa cifukwa ca kumene agona.

Komabe ulemu suumitsa nyumba. Mvula ikagwa masiku atatu, madzi amadzaza m'njira ndi kulowa m'zipinda. Pansi pa dera lathu pali mwala, madzi a pansi ali pafupi, ndipo zimbudzi zokumba zimasefukira m'zitsime zosaya. Ndili mwana tinali kuika matilesi pa thebulo ndi kupita kusukulu nsapato zili m'manja. Lero ana a mlongo wanga acita cimodzimodzi. Kolera inabwera kumapeto kwa 2017, inabweranso kumapeto kwa 2023, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ocizira odwala ndipo masukulu amene anafunika kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Anthu a kumayadi ali ndi nthabwala yao, yakuti a Chawama akonda bwato cifukwa ndico cokha cingawatulutse m'nyumba mu Febuluwale. Ndimaseka nao, koma mumtima mumawawa.

Sindinganene kuti palibe cinacitika. Miseu ina inaikidwa tara, ndipo kiliniki kumene ndinali kubaidwa nyeleti ndili mwana tsopano ndi cipatala. Cimene ndinayamba kuona ndi cina. Mpando ukakhala wa cipani cimodzi nthawi yaitali, mpikisano weniweni umasamuka. Umacoka pa bokosi la mavoti ndi kupita m'cipinda m'mene akuluakulu a cipani asankha woimirira. Wofuna mpando amadziwa kuti ofunika kuwakondweretsa ndi a m'cipindamo. A zipani zina naonso amaona kuti kuno n'kutaya mafuta, amafika sabata yothera ndi zitenge zocepa. Wovota amatsala pakati, wokondedwa ndi onse pa msonkhano koma wosaopedwa ndi aliyense. Zimenezi sizili ku Chawama kokha. Mnzanga wa ku Monze, kumene UPND yagwira mpando kucokera mu 2001, amakamba zofanana.

Kumapeto kwa 2020 tonse tinalembetsa mwatsopano m'kaundula wa ovota. Ndinali nditasamukira ku Chilenje, koma ndinabwerera kukalembetsa kwathu. Pa 12 Ogasiti 2021 ine ndi amai tinaima pa mzere kusanace, mphepo ikuluma. Inali nthawi ya civwende, cobiriwira kunja koma cofiira mkati, ndipo munthu sunali kukhulupirira malaya a mnzako. Ndine wanchito wa boma, sindidzachula amene ndinasankha. Ndingonena kuti pa pepala la phungu, kwa nthawi yoyamba, dzanja langa silinapite kumene linapita la amai. Ndinatuluka ndi cala cakuda ndi inki, mtima ukugunda monga ndaba ndalama m'citenge cao.

Sanandifunse. Tili m'njira anangoti, "Waticoka, ai?" Ndinakhala cete. Anayenda pang'ono, ndiye anati, "Palibe mlandu, mwana wanga. Ine ndinalema ndi a Kaunda, ndinalema ndi a Chiluba. Awa sindinaleme nao. Ndikalema udzamva." Ndinayamba kuwafotokozera za ngalande ndi za m'cipinda ca akuluakulu, koma anandidula. "Iwe unaphunzira, uona zako. Ine ndiona zanga. Amene sindifuna ndi aja agona kunyumba lero."

Zotsatira zitatuluka, a Hakainde Hichilema anapambana ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi kuposa a Lungu. Mu Lusaka, mipando ya Kabwata, Kanyama, Munali ndi Lusaka Central inapita ku UPND, koma Chawama, Matero ndi Mandevu anatsala m'bwato. Amai anaphika nkhuku, osafotokoza ngati inali ya cikondwerero kapena ya maliro, ndipo tinadya pamodzi.

Sabata yotsatira funso la mnyamata uja, ndinasiya buku pa thebulo. Ndinalemba pa bolodi zaka ndi zipani: UNIP mpaka 1991, MMD, FDD mu 2001, PF kucokera mu 2006. Pansi pake ndinalemba ndalama za CDF, zimene zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, kuti aone kuti mpandowu uli ndi cuma coti munthu afunsidwe naco mafunso. Ndinawauza kuti woimirira amene wapambana ndi mavoti ocepa amagona mosiyana ndi amene wapambana ndi ambiri, conco ngakhale voti yolephera imawerengedwa ndi wina wake. Nchito ya kunyumba inali imodzi: funsani munthu wamkulu kwanu kuti wavoterapo zipani zingati, ndipo anasiya ciliconse cifukwa ciani.

Pa Mande mnyamatayo anafika ndi pepala lodzaza mbali zonse. Ambuye ake a ku John Howard anavoterapo zipani zinai, ndipo anam'sunga mpaka usiku ndi nkhani ya ciliconse. Anawerengera kalasi yonse, osaseka. Pomaliza anandifunsa ngati reji yokha ikwanira polembetsa, popeza mu 2026 adzakhala atakwanitsa zaka 18. Ndinam'fotokozera za khadi la voti. Sindinam'funse kumene dzanja lake lidzapita, monga momwe amai sanandifunsire ine.