Chikalata chimakonzedwa kamera isanayake

Pali anzathu ena pa ntchito ino amene amalengeza pa Facebook kuti akudindirani chikalata chilichonse pa intaneti m'mphindi zisanu. Ndikaona zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa zikalata zawozo zikakanidwa zimathera kwa ine, mwiniwake thukuta lili kamukamu, tsiku lomaliza litayandikira.

Ine ndine notary kuno ku Texas. Boma lino lidatilola kugwira ntchito pa intaneti mu 2018, a ku Virginia atayamba kale mu 2012. Zoyatsa kamera, kuona chiphaso ndi kusunga kanema wa zonse kwa zaka zisanu, aliyense amene ali ndi chilolezo amazidziwa. Ntchito yeniyeni ili pa PDF, dzulo lake munthu asanasayine.

Adandiphunzitsa ndi mayi ena achikulire a pa kampani ina yoona zogulitsana nyumba ku Fort Worth, za makamerazi zisanabwere. Amayiwa anali ndi rula yachitsulo. Ankaiika pansi pa mzere n'kumaitsitsa pang'onopang'ono, tsamba ndi tsamba, ngakhale mulu wa mapepala a ngongole ya nyumba ukhale wonenepa chotani. Pofunika siginecha ankamatapo kapepala kachikasu, pofunika zilembo zoyamba za dzina kobiriwira, pa deti kofiira. Khofi ankachita kuzizira pa desiki, iwo osamuyang'ana n'komwe. Akapeza mpata wosalembedwa, ankaimbira loya amene walemba chikalatacho, kaya ali pa nkhomaliro, n'kumuuza kuti sadinda pepala lomwe wina angadzalembepo zake mawa. Maloya ankawaopa. Ine ankandipatsa mulu womwe amaliza, achotsamo dala timapepala titatu, kuti aone ngati ndipeza pomwe pasowa. Ndikawafunsa kanthu sankayankha, ankangondikankhira rula ija.

Lero timapepalato tidasanduka timabokosi ta pa kompyuta, ndipo kabokosi kalikonse kamapatsidwa mwiniwake. Ngati osayina ndi bambo ndi mayi, ukasokoneza, bambo amasayina pamalo pa mkazi wawo, kompyuta osadandaula ayi. Kenako dzina: chikalata chili ndi mayina awiri, pasipoti ili ndi atatu, kapena mayi adasintha dzina atakwatiwa koma laisensi ikadali ndi lakale. Izi zimakonzedwa ndi amene adalemba chikalatacho, nthawi ikadalipo.

Povuta kwambiri ndi pa mawu anga a m'munsi. Alipo amtundu uwiri: ena munthu amangovomereza kuti wasayina yekha mwa kufuna kwake, ena amakweza dzanja n'kulumbira kuti zolembedwazo n'zoona, ndipo apa ayenera kusayina ine ndikuona. Ine sindine loya, sindingamusankhire munthu. Afunse kumene chikalata chikupita. Malo olembedwa pamenepo ndi Tarrant County, kumene ndakhala ine, ngakhale wosayinayo ali ku Seattle, ndipo payenera kutchulidwa kuti zonse zachitikira pa intaneti. Chidindo changa chikangolowa, chikalata chimatsekeka. Kusintha chilembo chimodzi kumaonekera, ndiye palibe zokonza ndi cholembera. N'kuyambiranso basi, n'kulipiranso.

Makasitomala nawo! Wina amatumiza chithunzi cha pa WhatsApp chopendekeka, chala chake chikuoneka pakona, tsamba lachitatu kulibe. Wina wasayina kale ndi cholembera kuti andithandize. Abale anga a kumudzi amabwera ndi kalata yopatsa achimwene awo mphamvu zogulitsa puloti ku Lilongwe. Ndisanatsegule n'komwe ndimawauza kuti afunse kaye ngati ofesi yakumeneko ilandira siginecha ya pa kompyuta, komanso ngati ikufuna chitsimikizo chotchedwa apostille, chimene chimachokera ku ofesi ya Secretary of State ku Austin. Ndiye palinso mafunso asanu otsimikizira munthu pa intaneti, oyankha m'mphindi ziwiri, anayi akhale olondola. Amachokera m'mbiri ya munthu ya ku America kuno, monga nyumba zomwe adakhalamo ndi galimoto zomwe adagula. Wofika kumene alibe mbiri yotere, ndiye ameneyo ndimangomuti abwere kunyumba ndi pasipoti, tisayine ndi inki.

Za mtengo, lamulo limandilola kuwonjezera madola 25 pa ntchito ya pa intaneti. M'menemo mutuluke ndalama ya kampani ya pulogalamu, ya satifiketi ya chidindo, ndi ola lomwe ndakhala ndikuwerenga usiku. Koma munthu amanenerera ngati tili pa kaunjika, akuti uja wa pa Facebook amatchipa.

Inu amene mukufuna ndikudindireni, tumizani chikalata chonse ngati PDF dzulo lake, masamba onse alipo, dzina lofanana ndi la pa chiphaso, ndipo musasayine paliponse mpaka ndikuuzeni.